USIPA WA PA CHEMBE: KUTHAMANGA SIKUFIKA

Nkhani yokambidwa kwa asodzi ndi ogula nsomba

Aliyense wa pa Chembe adziwa kuti usipa uphedwa wambiri mwezi ukakhala mdima, pamene nyali za asodzi a chilimira ziukopa bwino. Masiku amenewo mathandala adzaza. Mwezi ukawala usipa uchepa, ndipo mtengo wake ukwera ku misika.

Tsono bvuto nali. Mai wogula nsomba aganiza mumtima mwake kuti, "Ndikayamba kufika ku Limbe ndine, ndigulitsa pa mtengo wabwino." Maganizo amenewa si oipa ai. Koma anzake onse aganizanso chimodzimodzi. Motero onse anyamuka tsiku limodzi kudzera ku Monkey Bay, nakapezana pa msika umodzi. Usipa uchuluka koposa ogula, mtengo ugwa, ndipo ena abwerera ndi ndalama zosakwanira ngakhale kulipira galimoto. Mwezi ukawala, mtengo uli wabwino koma palibe amene ali ndi katundu.

Anthu ophunzira masamu anafufuza za zinthu zotere. M'chaka cha 1944 John von Neumann ndi Oskar Morgenstern analemba buku losonyeza kuti malonda afanana ndi masewera. Monga pa bawo, munthu sataya nkhomo asanaganize chimene mnzake adzachita. M'chaka cha 1950 John Nash anaonjezapo. Kuchokera pa nzeru zake kwadziwika kuti anthu angathe kukodwa m'chizolowezi chowapweteka onse, popeza palibe amene apindula akasintha yekha. Mai mmodzi akasunga usipa wake yekha, ndalama zake zogulira wina zimangika, chinyezi ndi tizilombo zimuopsya, ndipo alibe womthandiza.

Mankhwala ake ndi pangano. Ogula khumi angagawane: ena ku Limbe, ena ku Lilongwe, ena ku Zomba. Ena asunge usipa wouma bwino kufikira mwezi utawala, anzao nawabwereka ndalama zogulira wina. Asanakweze matumba ayambe afunsa mitengo pa lamya, ndipo galimoto alipire pamodzi.

Wina adzafunsa kuti, nanga wophwanya pangano? Ophunzira aja anapeza kuti pangano lilimba pakati pa anthu okomana kawirikawiri. Wonyenga apindula tsiku limodzi, koma mawa adzafika pa doko lomwelo, ndipo palibe adzamkweza katundu kapena kumkongoza. Phindu la tsiku limodzi silingalipire kutaya kwa chaka chonse.

Pokambirana zimenezi malo alipo kale. Makomiti a asodzi a m'mphepete mwa nyanja anayamba ku Malombe m'chaka cha 1993, nafalikira ku madoko ena. Ogula nsomba apite ku komiti ndi kwa amfumu, pangano lao lilembedwe, ndipo liwerengedwe pamaso pa onse mdima wotsatira usanafike.