Mfuti Yobisidwa M'ndodo Ndi Mfuti Ndithu



Pamene misonkhano yokopa anthu yayandikira, pali funso lomwe achinyamata athu akufunsana: munthu akanyamula mfuti yopangidwa ngati ndodo yoyendera, tochi kapena cholembera, nkuyenda nayo m'manja aliyense akuona, kodi wanyamula poyera kapena mobisa?

Funsoli kwawo ndi ku America, kumene malamulo a zigawo zambiri amasiyanitsa kunyamula mfuti moonetsa ndi kuinyamula mobisa. Koma ngakhale kumeneko, lamulo la 1934 linaika mfuti zobisidwa m'ndodo ndi m'zolembera m'gulu lapadera loyenera kulembetsedwa kuboma. Chifukwa chake nchomveka. Amene waona ndodo koma osadziwa kuti ndi mfuti sanaone kanthu. Sangathawe, sangachotse mwana wake pafupi, sangaitane apolisi. Chida chovekedwa nkhope ya chinthu china ndi chobisika, ngakhale chili pa dzuwa.

Kuno ku Malawi nkhaniyi ndi yachidule. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi; wopanda chiphasocho walakwa, kaya mfutiyo ili paphewa kapena pansi pa mkanjo. Lamulo la apolisi la 2010 nalonso limaletsa kupita ndi zida kumisonkhano ndi kuzionetsero. Dziwani tsono kuti chikwanje chokulungidwa m'thumba la mpunga, mpeni wotumbulira nsomba wosomekedwa m'chiuno, kapena miyala yodzazidwa m'chikwama, zikafika pabwalo la msonkhano zasanduka zida.

Inu mukudziwa dzina limene dera lino la Karonga Central linapatsidwa chifukwa cha ziwawa za ndale: Benghazi, mzinda wa ku Libya wodziwika ndi nkhondo. Dzinali silinatigulire mankhwala m'chipatala, silinakwezenso mtengo wa usipa. Latisiyira zipsera ndi maukwati osalonjerana.

Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analangiza wodutsa mumzikiti kapena pamsika ali ndi mivi kuti agwire kunsonga kwake, kuopa kuvulaza mnzake mwangozi. Ngati ngozi chabe inafuna chisamaliro chotere, nanga wobisa chida mwadala adzayankha chiyani?

Choncho makolo, muone zimene ana anu anyamula asanakwere lole ya chipani. Achinyamata, wina akakupatsani katundu womangidwa kuti mumusungire mpaka msonkhano uthe, kanani, chifukwa amene adzamangidwe ndi amene wapezeka naye. Wokutumaniyo adzagona kunyumba kwake. Mukaona chida, chokanipo mwakachetechete, mukauze apolisi kapena amfumu. Patsiku lovota, tengani chiphaso chanu chovotera basi.

Allah atisungire mtendere m'dera lathu. Wassalaam Alaykum.