Kwaya ya Mawu Atatu: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale

Ena mwa inu mukukumbukira kuti m'kwaya ya pasukulu pano ine ndinkaimba besi, ndipo lero ndiulula m'mene ndidadzichotsera ndekha m'kwayamo.

M'chaka cha 1984 ndinali ku Mangalande pa maphunziro. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anali ndi kompyuta yotchedwa ZX Spectrum, imene idatuluka mu 1982. Kanthu kameneka kanali ndi liwu limodzi lokha, lonyetchera ngati la nkhululu. Ukalemba lamulo loti BEEP, n'kutchula kutalika ndi kukwera kwa liwu, inkalira; koma polirapo ntchito zina zonse zinkayamba zaima, chifukwa ubongo wake womwewo ndiwo unkagwedeza sipikala. Nyimbo ya mawu anayi sikadatheka ndi lamulo limeneli.

Tsono ndidasunga tindalama n'kugula Commodore 64. Iyi inali ndi kachipangizo kakekake ka nyimbo, dzina lake SID 6581, kopangidwa ndi Bob Yannes. Kanali ndi mawu atatu, ndipo liwu lililonse munthu ankatha kulisula: kuti liyambe mwadzidzidzi ngati ng'oma, kapena likule pang'onopang'ono ngati la wogani ya m'tchalitchi. Kuliza noti imodzi yokha kunali ntchito. Unkalemba POKE ndi manambala oyambira pa 54272, ndipo ukaiwala kukweza mawu pa 54296, chete! Ine ndidataya usiku wathunthu pa nambala imeneyi.

Chifukwa cholakalaka kumudzi, ndidafuna kuika nyimbo ya sukulu yathu m'makinamo. Vuto ndi ili: kwaya ili ndi soprano, alto, tenala ndi besi, koma mipando ilipo itatu. Achoke ndani? Soprano ndiye mwini nyimbo. Alto ndidachita naye manyazi, popeza mayi a kunyumba kwanga, amene nthawiyo tinali pa chibwenzi, ankaimba alto. Ndidachotsa besi. Nyimbo idatuluka yopyapyala ngati phala lopanda nsinjiro.

Nzeru ndidazimva m'masewera a pakompyuta, makamaka m'nyimbo imene Rob Hubbard adapeka m'masewera a Monty on the Run mu 1985. Akatswiri a nthawiyo sankapatsa do, mi ndi so liwu lakelake ayi. Liwu limodzi linkadumpha pa manoti atatuwo mofulumira kwambiri, kusintha noti mpaka ka 50 pa sekondi, ndipo khutu linkanyengeka n'kumva ngati akuimbira limodzi, ngakhale monjenjemera. Kunjenjemera kumeneku ndiko mumamva m'nyimbo za makompyuta akale. Ng'oma nazonso ankazilowetsa mobera pakati pa manoti a besi. Ine ndidaphatikiza alto ndi tenala pa liwu limodzi, besi n'kubwerera pa mpando wake.

Amiga itabwera mu 1985, ndi mawu anayi otha kuliza phokoso lojambulidwa, mavuto ngati amenewa adachepa. Koma kunena zoona, ine sindidaikonde chimodzimodzi.

Nyimbo ija ndidaisunga pa kaseti wamba, monga tinkasungira mapulogalamu masiku amenewo. Kasetiyo ndabwera nayo, koma ndilibe makina oiwerengera, ndipo tepi yayamba kumatana. Ngati wina mwa inu ali ndi Commodore 64 m'sutikesi kwinakwake, chonde tionane pa nthawi ya tiyi.