Khamu Losunga Mwambo Ndilo Ulemu wa Mzinda

Amayi ndi abambo a m'Blantyre, Limbe, Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa, mzinda uno si mlendo pa nkhani ya makamu. Pa 6 July, 1958, anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Chileka kukalandira Dr. H. Kamuzu Banda. Pa 6 July, 1964, anadzaza bwalo la ku Chichiri kudzaonerera mbendera ya Malaŵi ikukwera.

Komatu khamu lili ngati mtsinje wa Mudi m'dzinja: likasoŵa podzera, limakokolola. Pa 6 July, 2017, tsiku lokondwerera ufulu lomwelo, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa zipata za Bwalo la Bingu ku Lilongwe. Zotere zisadzaoneke kuno.

Choncho okonza misonkhano azitsegula zipata m'mamaŵa anthu asanaunjikane. Atsogoleri a nthambi za Chipani aziika anthu awo pa mizere, ndipo mwana aliyense azigwiridwa dzanja. Pobalalika, anthu azidzera m'mbali mwa mseu wa Chipembere, osakankhana, osathamanga.

Msonkhano sutha pamene wokamba nkhani wakhala pansi ayi. Umatha pamene mwana wotsiriza wafika kwawo.