Chotupa cha Impso mwa Ana

Kuno ku Mangochi mwana akakodza magazi timangoti ndi likodzo, mimba ikatupa timati ndi kapamba. Koma nthawi zina imakhala khansa ya impso yotchedwa Wilms, yomwe imagwira makamaka ana osapitirira zaka zisanu.

Zotupa za impso zimatha kufanana ngakhale kwa dokotala. Akatswiri amazisiyanitsa poyeza majini amene akugwira ntchito m'chotupacho. Sindikunena majini a kwa asing'anga ayi, koma timalangizo tam'thupi tomwe timabadwa nato. Jini la WT1, lokhudzana ndi Wilms, linadziwika mu 1990. Lina, BCOR, limaulula chotupa cha mtundu wina chofuna mankhwala amphamvu kwambiri.

Ana athu amakalandira chithandizo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ambiri amafika mochedwa. Ndikupempha kuti bungwe lathu lizithandizako makolo awo ndalama yokwerera basi.