Mawu a pa Msonkhano wa Nthambi: Magetsi a pa Shire ndi Athunso



Magetsi amene amawalitsa Blantyre ndi Lilongwe sabadwira m'tauni ayi. Ambiri amachokera pa mathithi a mtsinje wa Shire: ku Nkula kumene makina anayamba kuzungulira mu 1966, ku Tedzani, ndi ku Kapichira kuyambira mu 2000. Mawaya ake amadutsa pamwamba pa minda yathu, ife pansi pano tikuunikira tochi ya mabatire. Kodi nchilungamo chimenechi?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, 84 tili kumidzi. Komatu mwa makomo 100 m'dziko lonse, oyatsa magetsi anali 11 okha, ambiri a iwo m'tauni.

Tsono tisamapemphe ngati alendo. Pa mtengo wa mafuta a galimoto pali msonkho wa MAREP, ntchito yofikitsa magetsi kumidzi imene inayamba mu 1980. Tikakwera basi, tikagayitsa chimanga pa chigayo cha dizilo, talipira kale!

Nthambi iliyonse ilembe mayina a misika, sukulu ndi zipatala zimene zikadali mumdima. Mafumu adinde kalatayo, tikaitule kwa bwanamkubwa wa boma lathu, atiuze chaka chimene mapolo adzafike.