Mafuta Opaka Pamilomo

Lero mabuku tsekani kaye. Tiwerenga pa kabotolo aka ndanyamulaka.

Muli mafuta opaka pamilomo, aja atsikana amati lipi gulosi. Mwana wanga wamkazi anagula kameneka pamsika mwezi wa Juni. Kanali kotchipa, kofiira, konunkhira ngati switi. Anapaka masiku atatu. Tsiku lachinayi milomo inatupa, niyamba kuyabwa ndi kusupuka. Ngakhale phala lomwe linkamupweteka pomwa. Abambo musaseke ayi. Inunso milomo yanu imang'ambika, ndikuiona ndili pano.

Khungu la pamilomo ndi lopyapyala kwambiri. Silituluka thukuta, ndiponso lilibe mafuta akeake okwanira monga khungu la pamphumi. Tsono mphepo ya mwera ikamawomba mu Juni ndi Julayi, milomo imauma msanga. Ambirife timathamangira kunyambita. Koma malovu aja akauma, milomo imauma koposa poyamba. Ndiye kupaka mafuta nkwabwino ndithu. Vuto ndi lakuti mafuta ena ali ndi zinthu zimene milomo ya anthu ena sigwirizana nazo.

Zinthuzo amazilemba kumbuyo kwa botolo, m'tizilembo ting'onoting'ono. Ndalemba pa bolodi mawu anayi: Menthol, Camphor, Parfum, Flavour. Mawuwa si Achichewa, koma zilembo zake ndi zomwe zija tinaphunzira. Awiri oyambawo ndiwo amachititsa kuti milomo izimva kuzizira kapena kunyerenyesa. Ena amati, "Akunyerenyesa, ndiye kuti akugwira ntchito." Ayi, amayi. Mafuta akamanyerenyesa kapena kuwotcha, khungu likudandaula. Pukutani, musapakenso. Awiri enawo ndi zonunkhiritsa ndi zokometsera. Pa kabotolo ka mwana wanga panalembedwa atatu mwa mawu anayiwa.

Nanga tigule ati? Ine ndimati mafuta abwino kwa milomo yovuta ndi aja opanda fungo ndi opanda mtundu. Vaseline woyera uja, amene timadzoza ana, amakwanira. Amatseka khungu kuti chinyezi chisathawe, ndipo amanyezimiritsanso milomo pang'ono. Koma ngakhale Vaseline alipo wina wonunkhira, choncho werengani.

Ngati mwakonda mafuta atsopano, ayeseni kaye pamkono. Pakani pang'ono mkati mwa mkono pafupi ndi chigongono, m'mawa ndi madzulo, masiku 7. Pakafiira kapena kuyabwa, amenewo si anu.

Yang'ananinso zilembo zitatu izi: EXP. Zimanena mwezi ndi chaka chimene mafutawo amathera mphamvu. Mukaona EXP 03/2024, ndiye kuti anatha mu Malichi chaka cha 2024. Asiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Kubwerekana ndiko ndikukaniza. Pa ukwati atsikana asanu amapaka kabotolo kamodzi. Timatuza tija timatuluka pamilomo timapatsirana m'njira imeneyi.

Pali china chimene mafuta sangachize. Ngati m'mbali mwa kamwa mukung'ambika osapola, mwina m'thupi mukuchepa zakudya zina, kapena pali matenda. Idyani mazira, nyemba, usipa ndi ndiwo zamasamba, ndipo pakatha milungu iwiri kapena itatu pitani kuchipatala akakuoneni. Abale athu achialubino, dzuwa limawawotcha milomo kwambiri. Iwo afune mafuta olembedwa SPF 30, kapena nambala yoposa pamenepo, ndipo azivala chipewa chachikulu. Chilonda cha pamlomo chikachedwa kupola, asadikire.

Mwana wanga uja anachira patatha sabata imodzi, atasiya kabotolo aka ndi kumapaka Vaseline yekha. Ndalama yake sinabwerere.

Tsopano kabotoloka kayende m'manja. Tiyambe ndi inu mayi muli kutsogoloku. Musafulumire. Pezani chilembo M, ndipo mutiwerengere mokweza.