Nyimbo ndi Mtima wa Mkhristu pa Nsembe ya Misa



Makolo amene anayamba kupemphera m'parishi ino zaka 100 zapitazo ankamva Misa m'Chilatini. Nyimbo zake, zotchedwa za Gregorio, zinali zoyenda mwachifatse, onse pa liu limodzi, popanda ng'oma. Ambiri sankadziwa tanthauzo la mau ake, komabe ulemu wa nyimbozo unkawagwaditsa pamaso pa Mulungu.

M'chaka cha 1963 Msonkhano Wachiwiri wa Vatikano unatulutsa chikalata cha za chipembedzo, Sacrosanctum Concilium. Chikalatacho chinatsekulira khomo zilankhulo za anthu, ndipo chinalamula kuti maimbidwe a mitundu ya m'maiko a mishoni alemekezedwe. Pang'ono ndi pang'ono ng'oma, maseche ndi nthungululu zinalowa m'tchalitchi, mwakuti nkhalamba imene kale inkangomvetsera inayamba kuvomera nyimbo ndi pakamwa pake.

Mphatso imeneyi ili ndi ngozi yakenso. Augustino Woyera, amene anabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387, analemba kuti nyimbo za m'tchalitchi cha kumeneko zinkamuliritsa misozi. Yemweyo anaululanso kuti ankadziona wochimwa pamene kukoma kwa maimbidwe kunkamukhudza koposa mau oimbidwawo. Mtima ukatengeka ndi ng'oma yokha, munthu amatuluka thukuta lili kamukamu, koma Mau a Mulungu atawasiya pakhomo.

Nchifukwa chake Eklezia amalera mtima mwa nyengo zake. M'Lenti Aleluya saimbidwa, ndipo zoimbira zimangothandiza mau a anthu. Pa Lachinayi Loyera mabelu amalira pa nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, kenaka amakhala chete mpaka usiku wa Pasaka. Amene wapirira chete ameneyu ndiye amamva chimwemwe cha kuuka kwa Ambuye mpaka m'mafupa. Koma kwaya ikaomba ng'oma ya Pasaka m'kati mwa Lenti, yalanda Akhristu chisoni cha kulapa, yawalandanso chimwemwe chimene akadachipeza pa tsiku lake.

Tsono oimba akumbukire kuti ntchito yao ndi kutsogolera mpingo, osati kuuimbira ngati alendo oonerera gule. Asankhe nyimbo zogwirizana ndi mau a tsikulo, zimene ana ndi agogo angathe kuvomera. Woomba ng'oma adziwenso nthawi yopumitsa manja. Potero, ana amene adzalandira parishi ino adzalandira pamodzi nayo ulemu wa makolo ndi chimwemwe cha lero.

Atamandike Yesu Khristu.